MAJINI ODUMPHA NDI TINCHENCHE TA PA NTHOCI

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'nthawi ya maphunziro a sayansi

 Nkhani yathu ya lero iyambira pa cinthu cimene ali yense wa inu anaciona kale. Mukasiya nthoci kapena mango pa mbale kufikira zitapsa kwambiri ndi kuyamba kubvunda, pamabwera tinchenche tating'ono-ting'ono ta maso ofiira, touluka mwaulesi ngati taledzera. Timapezekanso pa mbiya ya mowa ndi pa dzala la ku msika. Tinchenche iti sitiluma munthu, ndipo ambiri a ife timangotipirikitsa ndi dzanja. Koma ndinena nanu kuti ndi tizirombo towerengeka timene taphunzitsa anthu zambiri za cibadwa ca zamoyo monga kanchenche aka. Dzina lace m'mabuku ndi Drosophila melanogaster.

Ndiponso kanchenche aka ndi kathu. Akatswiri apeza kuti kwao kweni-kweni ndi kuno ku Africa, ndi kuti kanafika ku maiko ena potsata anthu ndi zipatso zao. Tinchenche togwidwa ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, tinapezeka kuti tisiyana-siyana m'cibadwa cao kuposa ta ku maiko ena, monga umo zikhalira pa malo amene mtundu unayambira. Ndipo m'caka ca 2015 anafalitsa cibadwa ca tinchenche ta ku Siavonga pafupi-fupi 200. M'caka ca 2018 ena anatipeza m'chire la ku Matobo, ku Zimbabwe, kutali ndi midzi, tirikuswana pa zipatso za mfula, mtengo umene ena auchula marula.

Tsono lero ndifuna kukusimbirani m'mene nthenda yodabwitsa ya tinchenche iti inasandukira cida m'manja mwa anthu, ndi m'mene cidaco cafikira pa udzudzu umene umatipatsa malungo.

BUKU LA M'KATI MWA THUPI

Poyamba tiyeni timvane pa mau awiri kapena atatu. Thupi la camoyo ciri conse, kaya munthu, kaya nchenche, kaya cimanga, linamangidwa ndi tizipinda tating'ono zedi, tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'kati mwa selo muli ulusi wautali wopindidwa-pindidwa, dzina lace DNA, ndipo pa ulusi umenewu panalembedwa malamulo a m'mene camoyoco cidzakhalira. Zilembo zace ndi zinai zokha, A, C, G ndi T, koma zimandandalikana m'mizere ya mamiliyoni ambiri. Cigawo ca mzerewo cimene cisunga lamulo limodzi, monga lakuti maso akhale ofiira, acichula jini. Zikaculuka ati majini. Musadzidzimuke, si majini aja amene amagwira anthu ndi kuwabwebwetsa iai, mauwa angofanana kamvekedwe. Mwana amalandira theka la majini ace kwa atate ndi theka lina kwa amai, ndico cifukwa cace amafanana ndi onse awiri.

M'caka ca 1910 Thomas Hunt Morgan, mphunzitsi wa pa Columbia University mu mzinda wa New York, analikuweta tinchenche iti m'mabotolo ndi kutidyetsa nthoci. Tsiku lina anapeza kakamuna kamodzi ka maso oyera pakati pa anzace a maso ofiira. Anakakwatitsa, nawerenga ana ndi zidzukulu, ndipo iye ndi ophunzira ace anaonetsa kuti jini liri lonse liri ndi malo ace-ace pa ulusi uja, monga mkanda pa cingwe. Tinchenche tinawathandiza cifukwa timaswana msanga: kucokera pa dzira kufikira pa nchenche yokhwima papita masiku ngati 10 okha. Kwa zaka zambiri pambuyo pace, akatswiri anakhulupirira kuti mkanda uli wonse umakhala pa malo ace osasuntha, kuyambira kwa makolo kufikira kwa zidzukulu-tudzi.

MAI WA M'MUNDA WA CIMANGA

Amene anayamba kuona kuti mikanda ina imasuntha ndi mai wina wa ku America, Barbara McClintock, amene analima munda wace wa cimanga pa malo a maphunziro ochedwa Cold Spring Harbor. Inu alimi mudziwa kuti pa citsononkho cimodzi pamakhala nthawi zina njere zoyera ndi zofiirira pamodzi, ndipo kawiri-kawiri cimene cicititsa ndi mungu wouluka kucokera m'minda ya anzanu. Koma mai McClintock anasamala cinthu cina, ndico njere imodzi yokhala ndi timadontho, tina tatikulu, tina tating'ono.

M'zaka za m'ma 1940 anapeza cifukwa cace. Pali kacigawo ka ulusi, kamene anakacha Ds, kamene kamacoka pa malo ace ndi kukakhala pena. Kakagwera pakati pa jini lopatsa njere mtundu wace, jinilo limangoti zii, ndipo njere imayera. Koma pamene njere irikukula, m'selo limodzi kacigawo kaja kamadumphanso kucokamo. Pamenepo jini limadzuka, ndipo selo lija ndi onse obadwa mwa ilo amabwezeredwa mtundu wao. Kakadumpha msanga dontho limakula, kakacedwa dontho limacepa. Anaonanso cinthu cina cimene tidzacifuna patsogolo pa nkhani yathu: Ds sikatha kudumpha pa kokha, kamafuna kuti mnzace wina, wochedwa Ac, akhalepo m'selo lomwelo.

Analemba zimenezi mu 1950, nazifotokoza pa msonkhano wa akatswiri mu 1951, koma ambiri sanamvetse ndipo ena sanakhulupirire. Panapita zaka zambiri kufikira ena anapeza majini odumpha m'tizirombo ta bakiteriya, ndiponso m'nchenche. Mu 1983, ali ndi zaka 81, mai McClintock analandira mphotho ya Nobel. Paja amati mau a akulu akoma akagonera.

NTHENDA YA KUSABALA

Tibwerere ku tinchenche tathu. M'zaka za m'ma 1970 Margaret Kidwell ndi James Kidwell a pa Brown University ku America, pamodzi ndi John Sved wa ku Sydney ku Australia, anakumana ndi cozizwitsa. Akatenga kanchenche kakamuna kogwidwa kunja tsopano apa, ndi kukakwatitsa ndi kakakazi ka mtundu umene wakhala m'mabotolo zaka zambiri, ana obadwawo amaoneka abwino-bwino, koma ambiri a iwo samabala, makamaka akaleredwa pa malo ofunda. Poang'amba anapeza kuti matumba a mazira ndi ofota. Ena amene anabala anabala ana opunduka kawiri-kawiri. Koma akatembenuza ukwatiwo, mwamuna wa m'botolo ndi mkazi wa kunja, ana onse amakhala alunga ndi obala bwino. Anaicha nthendayi hybrid dysgenesis. Mtundu umene umaipereka ukakhala atate anaucha P, ndi umene umailandira ukakhala amai anaucha M.

Nanga nthenda yotani iyi, yodzera kwa atate okha? Yankho linadza mu 1982, pamene Paul Bingham, Margaret Kidwell ndi Gerald Rubin anaonetsa kuti tinchenche ta kunja tiri ndi jini lodumpha limene ta m'mabotolo tiribe. Analicha P element. Ife tidzangoti P.

Mverani bwino mapangidwe ace, pakuti pagona nkhani yonse ndi pano. P wathunthu ali ndi zilembo 2,907. Ku nsonga zace ziwiri kuli zilembo 31 zofanana, zopenyana, zimene ziri ngati zizindikiro zakuti dula pano. Pakati pace panalembedwa lamulo limodzi lokha, lopangira mpeni wochedwa transposase. Selo, posadziwa kuti lamulolo ndi la mlendo, limaliwerenga ndi kusula mpeniwo. Mpeni umafuna-funa zizindikiro ziwiri zija, udula P pa malo ace, ndi kukamlumikiza pa malo ena. Selo pokonza bala lotsala, kawiri-kawiri limakopera kwa ulusi unzace umene ukali ndi P. Motero pamene panali mmodzi pakhala awiri. Ndiko kuswana kwace, ndipo kanchenche kamodzi ka kunja kamakhala nao 30 kufikira 50. Mpeni umenewu umasulidwa m'maselo a mbeu okha, ndiwo amene adzasanduka mazira kapena mbeu ya mphongo. Ndico cifukwa cace thupi la kanchenche limakhala labwino pamene mbeu yace yadulidwa-dulidwa.

Cifukwa cimene nthendayi idzera kwa atate okha cinamveka bwino mu 2008. Mbeu ya mphongo imabwera ndi ulusi wa DNA cabe, koma dzira limabwera ndi kamba wambiri wocokera kwa mai. Mai amene mtundu wace wakhala ndi P amaika m'dzira tizidutswa tating'ono tochedwa piRNA, timene timamzindikira P ndi kumtontholetsa, monga katemera wopatsidwa mwana asanabadwe. Mai wa m'botolo sanamuonepo P, ndipo alibe cakupatsa mwana wace. Tsono P wocokera kwa atate akalowa m'dzira lotere, apeza mudzi wopanda mlonda.

MLENDO WOCOKERA KU MTUNDU WINA

Funso lina linatsala: tinchenche ta m'mabotolo tiribe P cifukwa ninji? Akatswiri anayang'ana caka cimene mtundu uli wonse unagwidwa. Anapeza kuti yogwidwa cisanafike caka ca 1950 iribe P, koma yogwidwa pambuyo pace iri naye moculukira-culukira, kufikira pafupi-fupi konse kumene anachera misampha yao anampeza. Ndiko kunena kuti ta m'mabotolo tinatsekeredwa mlendoyo asanafike.

Mu 1990 anapeza kumene anacokera. Ku Central America ndi ku South America kuli mtundu wina wa tinchenche, Drosophila willistoni, umene sukwatirana ndi tathu ti, ndipo mitundu iwiriyi inapatukana zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Koma P wa mtundu umenewo ndi P wa tinchenche tathu asiyana cilembo cimodzi cokha mwa zilembo 2,907. Motero jini limeneli linaoloka kucoka ku mtundu wina kulowa mu unzace, ndipo m'zaka makumi owerengeka linafalikira pa dziko lonse, popanda munthu wolinyamula dala. Mfundo iyi muisunge, tidzaifunanso pomariza.

Ndipo P sali yekha. Pafupi-fupi zigawo 45 mwa 100 za DNA ya munthu zinacokera ku majini odumpha, ngakhale ambiri a iwo anafa kale ndipo sasunthanso. M'cimanga ndi zigawo ngati 85 mwa 100. Maso oyera aja amene Morgan anaona mu 1910, kunapezeka pambuyo pace kuti anadza cifukwa ca jini lodumpha lochedwa Doc, limene linagwera pa jini la mtundu wa maso.

Nthawi zina kudumphako kumapindulitsa kacirombo. Ku England kuli gulugufe wa usiku wa mawanga otuwa, amene amabisala pa makungwa a mitengo. Mu 1848 anaona wakuda bii ku Manchester, m'masiku amene utsi wa mafakitale unadetsa mitengo; mbalame zinadya otuwa, akuda napulumuka, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pafupi-fupi onse a kumeneko anali akuda. Mu 2016 akatswiri a ku Liverpool anapeza kuti kuda kumeneko kunadza ndi jini lodumpha la zilembo ngati 22,000, limene linagwera m'jini lochedwa cortex ca m'ma 1819. Comweconso pa tinchenche tathu, jini lodumpha lochedwa Accord linakhala pafupi ndi jini lopanga cinthu cosungunula ululu m'thupi, nalicititsa kugwira nchito mopitirira. Tinchenche totere sitifa msanga ndi mankhwala a DDT, ndipo tafalikira m'maiko ambiri.

WAKUBA ASANDUKA MTENGA-TENGA

M'caka comweco ca 1982, Gerald Rubin ndi Allan Spradling a pa Carnegie Institution mu mzinda wa Baltimore analingalira motere. Mpeni uja umayang'ana zizindikiro za ku nsonga zokha. Sufunsa kuti pakati pali ciani. Nanga titacotsa za pakatizo ndi kuikapo katundu wathu, kodi sudzamnyamula ndi kukamlumikiza pa ulusi wa nchenche?

Anasankha tinchenche timene jini lao lina, lochedwa rosy, linaonongeka, kotero kuti maso ao ndi oderako, osafiira bwino. Anatenga jini la rosy labwino naliika pakati pa nsonga ziwiri za P. Koma popeza lamulo la mpeni analicotsa, katunduyu sakadatha kudumpha yekha, monga Ds wa m'cimanga uja. Potero anasakaniza ndi P wina wothandiza, amene nchito yace ndi kusula mpeni, monga Ac. Zonse ziwiri anazilowetsa m'dzira ndi singano ya galasi yopyapyala kuposa tsitsi. Dziralo kutalika kwace ndi theka la milimita, ndipo anayenera kubaya ku nsonga ya kumbuyo, kumene maselo a mbeu amayambira, dzira likali laliwisi. Tinchenche tobayidwato titakula anatikwatitsa, ndipo pakati pa ana ao panaoneka ena a maso ofiira psuu. Ana a iwowa anabadwanso ndi maso ofiira, ndi zidzukulu zomwe. Aka kanali koyamba kuti munthu aike jini m'kacirombo ndi kuliona lirikutsika mibadwo.

Mu 1984 anakonzanso wothandiza uja pomdula nsonga imodzi, kuti azisula mpeni koma iye mwini asathe kulowa pa ulusi. Anamucha dzina lotanthauza wodulidwa mapiko. Iye amagwira nchito yace m'dzira kanthawi kocepa ndi kutha. Katundu amadumpha kamodzi, ndipo popeza mpeni palibenso, amakhazikika pomwepo. Nzeru yonse ya cida cimeneci ndi iyi ya kulekanitsa mpeni ndi katundu.

Kuyambira pamenepo P anagwira nchito zambiri. Yoyamba ndiyo tanenayi, ya kunyamula jini. Yaciwiri ndi ya kuononga dala: akamlola kudumpha, amagwera m'jini lina ndi kulitontholetsa, ndipo poona cimene casowa pa kanchenche, kaya phiko, kaya tulo, kaya kukumbukira, adziwa nchito ya jinilo. Popeza zilembo za P azidziwa, samabvutika kupeza pamene wagwera. Ali ngati ng'ombe yobvala belu m'chire. Motero asunga mitundu ya tinchenche zikwi zambiri, uli wonse ndi jini lace lozimitsidwa, ndipo amatumizirana m'maiko onse. Yacitatu inadza mu 1993, pamene Andrea Brand ndi Norbert Perrimon a ku Harvard anamnyamulitsa jini la yisiti lochedwa GAL4, limene liri ngati swici ya magetsi. Nalo akhoza kuyatsa jini limene afuna m'ciwalo cimene afuna, m'diso mokha kapena m'bongo mokha. Mungafunse kuti phindu lace nciani kwa ife anthu. Mwa majini odziwika kuti amadzetsa nthenda mwa anthu, pafupi-fupi atatu mwa anai ali ndi abale ao m'kanchenche aka, ndipo zambiri za khansa ndi nthenda za bongo zayamba kudziwika m'mabotolo a tinchenche.

ULENDO WA KU UDZUDZU

Pamene zimenezi zinamveka, akatswiri a malungo anati, tiyeni ticite comweco ndi udzudzu. Koma P anakana. Iye amagwira nchito m'tinchenche ta zipatso ndi abale ao a pafupi okha, ndipo zaka zoposa 10 zinatha anthu alikubaya mazira a tizirombo tina popanda phindu leni-leni. Pomariza anazindikira kuti ayenera kufuna amtenga-tenga ena, ndipo anawapeza m'tizirombo momwemo.

Pa cisumbu ca Crete ku Greece anapeza wina m'kanchenche kochedwa Drosophila hydei, namucha Minos. Mu 1995 anamgwiritsa nchito pa nchenche yoononga malalanje ndi zipatso zina. Wina, Hermes, anampeza m'nchenche ya m'nyumba yomweyi imene imatera pa nsima. Ndi wina, mariner, m'kanchenche ka pa cisumbu ca Mauritius. Ndi awiri amenewa, mu 1998, anasintha udzudzu wa Aedes aegypti, umene umafalitsa nthenda za yellow fever ndi dengue. Mu 2000, pa Imperial College ku London, Minos analowetsa jini mu udzudzu wa malungo wa ku Asia, Anopheles stephensi. Kuti adziwe ngati katundu wafika, anaikamo jini la kanyama ka m'nyanja ya mcere kochedwa jellyfish, limene limawalitsa thupi. Ndipo mphutsi za udzudzuwo zinawala mobiriwira pansi pa nyali yoyesera.

Koma amene anachuka kopambana ndi piggyBac. Malcolm Fraser ndi anzace anampeza m'zaka za m'ma 1980, m'maselo a mbozi yodya kabici, atamgwira alikudumpha kucoka m'maselowo kulowa m'kacirombo ka vairasi. Dzinalo litanthauza kuberekedwa pa msana, monga mai abereka mwana. Iye amatera pokha-pokha pamene pali zilembo TTAA, akacoka sasiya cipsera, ndipo sasankha mtundu. Mu 2000 ku Japan anasintha naye mbozi zopanga silika, ndipo mu 2001 anasintha naye Anopheles gambiae, udzudzu woopsa wa malungo kuno ku Africa. Mu 2002 Marcelo Jacobs-Lorena ndi anzace ku America anapanga udzudzu wokhala ndi jini lochinga tizirombo ta malungo a mbewa kuti tisapyole m'mimba mwace.

Udzudzu wina wosinthidwa ndi piggyBac watulutsidwa kale kunja. Kampani ya ku England yochedwa Oxitec inapanga Aedes wamphongo amene ana ace amafa asanakhwime. Kumbukirani kuti udzudzu wamphongo suluma, woluma ndi waukazi wokha. Anaumasula pa cisumbu ca Grand Cayman mu 2009 ndi 2010, ndi ku Brazil kuyambira 2011, kuti ukwatire waukazi wa kunja ndi kucepetsa mtunduwo. Kuno ku Africa, mu July 2019, bungwe la Target Malaria linamasula udzudzu wamphongo wosabala pafupi-fupi 6,400 m'mudzi wa Bana ku Burkina Faso. Mu 2025 boma la dzikolo linaimitsa nchito ya bungwelo, ndipo ici cionetsa kuti nkhani imeneyi siiri ya akatswiri okha.

FUNSO LIMENE LIDZAFIKA KWATHU

Udzudzu wonse watulutsidwawu ndi wa mtundu wodulidwa mapiko uja: jini lace silidziculukitsa, ndipo akaleka kuumasula limazimirira. Kutero kucepetsa ngozi, komanso kukweza mtengo, pakuti ayenera kuweta ndi kumasula kosalekeza. Nanga Africa yense, ndi madambo ace onse, angamkwanitse ndani?

Apa akatswiri anakumbukira mbiri ya P. Mu 1992 Margaret Kidwell ndi José Ribeiro anafunsa kuti, ngati jini lodumpha linatha kufalikira lokha m'tinchenche ta dziko lonse, kodi sitingalisenzetse jini loletsa malungo ndi kulitumiza mu udzudzu wa kunja? Majini odumpha sanakhoze nchito imeneyo, pakuti amagwetsa katundu pa njira, ndipo tizirombo timapeza msanga njira yowatontholetsa. Koma ganizolo silinafe. Lero alikuliyesa ndi mpeni wina wochedwa CRISPR, umene umadula pa malo amodzi osankhidwa, ndipo njirayo aicha gene drive. M'malo mwakuti theka la ana alandire jini, pafupi-fupi onse amalilandira. Mu 2018, ku London, anaika udzudzu wotere m'zikwere pamodzi ndi Anopheles gambiae wamba. Jinilo linaletsa waukazi kubala, ndipo patapita mibadwo 7 kufikira 11 m'zikweremo munalibenso dzira.

Kulemera kwa nkhaniyi mukudziwa nokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO liwerenga kuti mu 2023 anthu pafupi-fupi 597,000 anafa ndi malungo, ndipo 95 mwa 100 ali onse anali a kuno ku Africa, ambiri a iwo ana osafika zaka 5. Udzudzu ulikuzolowera mankhwala a m'maukonde ndi opopera m'nyumba. Mai amene wacezera usiku ndi mwana wotentha thupi sangapeputse cida catsopano. Komanso mbiri ya P itiphunzitsa kuti jini lodzifalitsa lokha, likatuluka, silidziwa malire a maiko, ndipo kuliitana kuti libwerere n'kobvuta.

Cifukwa cace, tsiku limene alendo adzafika kwa mfumu yanu ndi pempho lakuti amasule udzudzu wosinthidwa, musawathamangitse ndi mantha, ndiponso musangobvomera ndi manyazi. Akhazikeni pansi ndi kuwafunsa. Kodi jini liri mu udzudzuwu ndi lodulidwa mapiko, kapena lodzifalitsa lokha? Linayesedwa kuti, ndipo panaoneka zotani? Boma lathu labvomereza kodi, nanga maiko oyandikana nafe auzidwa? Cikalakwika adzacita ciani, ndipo adzayankha mlandu ndani? Katswiri woona sakwiya ndi mafunso otere. Makolo athu anati safunsa anadya phula.

Pakali pano musaleke kugona m'maukonde, kukwirira zithaphwi za pafupi ndi nyumba, ndi kuthamangira ku cipatala mwana akatentha thupi. Amene muli ndi mafunso pa zimene takambazi, lembani kalata ku nyumba ya wailesi, ndipo tidzayesa kuyankha pa nthawi yonga yomwe ino.